Mawu Oikira Kumbuyo Jombo Yosakhalitsa

Mwa zinthu zonse zimene amisiri a dziko lino amazinenera mwano popanda kuzipatsa mpata wodziyankhira, palibe chimene chasenza manyazi ochuluka ngati jombo yotsika mtengo, ija imayalidwa pa chiguduli m'misika ya ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, yonyezimira bwino, yokhala ndi dzina la kampani yotchuka ya kutsidya kwa nyanja limene lasowa chilembo chimodzi chokha. Ndipo popeza pa bwalo la makolo athu ngakhale wogwidwa ndi nkhuku ya eni m'manja ankaloledwa kukhala ndi womulankhulira, ine ndadzipereka kuimirira m'malo mwa jombo imeneyi, kuti omanga nyumba, owotcherera zitsulo, akalipentala ndi okankha wilibala ayambe amva mbali yake asanaiponye kudzala.

Odana nayo amayamba ndi chikopa. Amati jombo yoyenera ntchito isokedwe ndi chikopa cha ng'ombe chathunthu, chosasendedwa kumtunda kumene kunali ubweya, pakuti kumeneko ndiko kuli mphamvu yake yonse. Amati wogula ayang'ane m'mphepete modulidwa kuti aone ngati muli timinyewa ta chikopa kapena ulusi wa nsalu, aipinde kuti aone ngati ichita timakwinya ting'onoting'ono nibwerera mwakale, ainunkhize kuti amve ngati fungo lake lili la chikopa kapena la mankhwala. Zonsezi sindikana. Koma kodi alipo mwa iwo amene anaganizirapo za ng'ombe? Jombo yanga ilibe mlandu wa mwazi wa chamoyo chilichonse, pakuti inapangidwa ndi nsalu yopakidwa pulasitiki, imene anaidinda timadontho tofanana ndi ta chikopa mwaluso lotero kuti ngakhale mwini khola angathe kulumbira kuti akuidziwa ng'ombe yake. Chikopa chenicheni n'chovuta kusunga: chimafuna polishi, chimafuna mafuta, chimafuna kutsukidwa madzulo aliwonse chikakhudzana ndi simenti, imene imachiumitsa nichichititsa ming'alu, ndiponso chikanyowa chimakana kuumikidwa pamoto. Ya pulasitiki sipempha kanthu. Imangosupuka yokha pa nthawi yake, khungu limodzi pambuyo pa linzake, kufikira itaonetsa poyera nsalu imene inali mkati. Ndipo akulu amene anatichenjeza kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere akanayenera kuiyamikira, chifukwa siichedwa kuulula zamkati mwake monga amachitira anthu ena.

Tsono titsike pansi, kumene kuli mlandu waukulu. Cha m'ma 1870, Charles Goodyear wamng'ono, mwana wa uja anapeza njira yolimbitsira mphira, anafalitsa makina osokera nsapato mwa njira imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake: kalamba ka chikopa kamasokeredwa kuzungulira nsapato yonse, ndipo sole imasokeredwa ku kalambako, kotero kuti sole ikatha wokonza amaidula nasokerapo ina, jombo nikhalabe yomweyo zaka ndi zaka. Ku Italy nako, Vitale Bramani, atataya anzake 6 amene anafera m'mapiri a Alps mu 1935 atavala nsapato zosayenera, anakonza sole ya mphira ya mano akuya imene inayamba kudziwika mu 1937 ndi dzina lakuti Vibram. Anthu amenewa anavutika ndithu, ndipo jombo yanga siinawanyoze. Inawalemekeza mwa njira yakeyake. Mukaiyang'anitsitsa m'mphepete mudzaona mzera wokongola wa msoko, wachikasu kapena woyera, wolunjika koposa umene dzanja la munthu lingathe kusoka. Mukaukanda ndi chikhadabo mudzapeza kuti mulibe ulusi, koma kuti msokowo unaumbidwa pamodzi ndi sole m'chikombole, kuti ukhale chikumbutso cha amisiri akale. Chimene chagwirizanitsa pamwamba ndi pansi ndi guluu basi, wopakidwa mosawononga. Ndinene pano, kuti ndisanamizire osalakwa, kuti zilipo jombo zabwino zosasokedwa, zimene sole yake imathiridwa ili yamadzimadzi nigwirana ndi chikopa osalekananso. Koma ukwati wotere, wosalola kusudzulana, jombo yanga imauyesa ukapolo.

Chotero mvula zoyamba zikagwa mu Novembala kapena Disembala, matope a pamalo omangira nyumba atayamba kukoka mapazi, jombo imayasama kutsogolo, poyamba pang'ono, pambuyo pake kufikira pakati pa phazi, ndipo mmisiri amene kale ankayenda mwakachetechete amamveka ali kutali kuti akubwera. Mneneri Mose anachita kuuzidwa kuti avule nsapato pamalo opatulika. Iyi siidikira kuuzidwa, imadzivula yokha, ngakhale pakati pa konkire. Ndipo malangizo aja akuti ukayenda siya phazi, ndani anawasunga mokhulupirika koposa jombo imene imasiyadi chapansi chake m'matope, mwini wake napitirira ndi zingwe zokha zomangidwa bwino?

Anthu ophunzira amanenanso za chitsulo cha kuzala. Pali muyezo wa mayiko wotchedwa ISO 20345, umene umalamula kuti chophimba zala chipirire kugundidwa ndi mphamvu ya majulo 200, ndiko kunena katundu wa makilogalamu 20 wogwa kuchokera pa mita imodzi, ndiponso chipirire kupsinjidwa ndi kulemera kwa pafupifupi tani imodzi ndi theka. Jombo ya gulu la S3 iyeneranso kukhala ndi chotchinga mkati mwa sole choletsa msomali kulowa ngakhale utakankhidwa ndi kulemera koposa makilogalamu 100, ndi chikopa chosalowa madzi msanga. Ndipo ya zilembo HRO, yofunidwa ndi owotcherera ndi othira phula pamsewu, sole yake isasungunuke itakhudza chitsulo cha madigiri 300 kwa mphindi imodzi. Zilembo zonsezi jombo yanga ili nazo pa lilime lake, zosindikizidwa momveka, pakuti inki siidula. Chimene ilibe ndicho kunyada kofuna kuyesedwa. Ikani maginito pamphuno pake, nthawi zina adzagwira, chifukwa mulidi kachitsulo kopyapyala. Nthawi zina sadzagwira, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti ndi ya makono, yophimbidwa ndi zinthu zopepuka zosakhala chitsulo, zimene zilikodi m'jombo zenizeni, kotero kuti simungamutsutse kufikira tsiku limene njerwa ya simenti idzaweruza pakati pa inu ndi iye. Solani kansalu kopondapo, mudzapeza katoni. Finyani kuchidendene, kudzagonja pakati pa zala ziwiri mofatsa.

Apa ndipo pagona ukoma wake waukulu, umene adani ake, mwa kuuma mtima kwawo, amauyesa chilema. Munthu wovala jombo yolimba amayenda modzikuza pakati pa matabwa a misomali, maso ali kumwamba, mtima uli kwina, chifukwa waika chikhulupiriro chake pa ntchito ya manja a anthu. Wovala jombo yanga sangatero. Iye amadziwa kuti pakati pa phazi lake ndi msomali wadzimbiri pali katoni yonyowa, nayenda mosamala, akuyang'ana pansi monga ayenera munthu wodzichepetsa, akuwerenga mapazi ake, akukumbukira kafumbata ndi mzera wa kuchipatala. Ndipo ndikukayika ngati alipo mlaliki amene anaphunzitsa anthu kukhala tcheru ndi kukumbukira kufupika kwa masiku awo mwamphamvu yoposa imeneyi. Matuza amene imapereka m'sabata yoyamba ndi malipiro a sukulu chabe. Jombo yachikopa imafewa nizolowera phazi la mwini wake pang'onopang'ono, ngakhale kuti chitsulo cha kuzala sichitambasuka, n'chifukwa chake ochenjera amayesa jombo madzulo, phazi litatupa ndi ntchito, atavala sokosi zochindikala. Koma iyi siigonjera phazi la munthu aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, pakuti ilibe tsankho.

Nanga za chuma ndinene chiyani? Timawerenga kuti ana a Israyeli anayenda zaka 40 m'chipululu nsapato zawo osatha kumapazi, ndipo timazizwa. Koma palibe amafunsa kuti osoka nsapato a mu fuko limenelo ankadya chiyani. Pitani pansi pa mtengo uliwonse wa pafupi ndi msika kapena pokwerera basi, mudzapeza bambo atakhala pa kabenchi, singano yaikulu m'manja, ulusi wa nayiloni uli pakamwa, mulu wa jombo zoyasama uli pambali pake; ana ake amavala yunifolomu ndi kudya nsima ya ndiwo chifukwa cha jombo yanga, imene imamuchezera kawiri pamwezi mosalephera. Iye amaisoka mozungulira, naipatsa msoko weniweni umene opanga anaujambula chabe, namatapo chidutswa cha tayala lakutha, ndipo kwa kanthawi jomboyo imakhala yolimba koposa mmene inalili tsiku logulidwa, kufikira pulasitiki atang'ambika motsata mabowo a singano. Jombo yabwino ndi youmira: imalowa m'nyumba kamodzi, ndalama nizileka kuyenda. Ndiponso imaitana mbala, kotero kuti mwini wake sangaisiye pakhonde usiku, pamene iyi mungaisiye pamphambano sabata lathunthu, mudzaipeza ili pomwepo.

Koma amene amaikonda ndi mtima wonse, ndipo ndiyenera kuwatchula mwaulemu, ndi mabwana ena olemba anthu ntchito. Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limafuna kuti wogwira ntchito yoopsa apatsidwe zovala zomuteteza, ndipo jombo yanga yachotsa mkangano umene unalipo pakati pa lamulo ndi thumba: woyendera akafika amaona mapazi onse atavala zakuda, mabuku alembedwa, aliyense wasayina kuti analandira, ndipo palibe wafunsa za katoni. Bwana mwini sanaivalepo, ndiye chifukwa chake chikondi chake pa iyo sichinazirale. Wanzeru koposa amagula zambiri nthawi imodzi nazitsekera m'nyumba yosungiramo katundu, osadziwa kuti sole ya polyurethane, ngakhale ya jombo yabwino, imadyedwa ndi chinyezi ikakhala zaka osavalidwa, makamaka kumalo otentha monga kuchigwa cha Shire, kotero kuti tsiku logawa imanyenyeka pansi pa phazi isanafike ndi pachipata pomwe. Anthu a ku Gibeoni ananyenga Yoswa ndi nsapato zakutha, kuti aoneke ngati ochokera kutali. M'badwo wathu wapambana pamenepo, pakuti tsopano nsapato yakutha imafika ili m'bokosi, yokutidwa ndi pepala, isanapondepo pansi.

Otsutsa adzati mmisiri amene wagula jombo zotere zitatu m'chaka chimodzi walipira mtengo wa imodzi yabwino, kapena wa ziwiri zachikopa za pa kaunjika, zimene eni ake oyamba kunja anazisiya zikadali ndi moyo. Masamuwo ndi oona, koma amaiwala kuti waganyu salandira ndalama za chaka pa tsiku limodzi, ndipo kapitawo salola wopanda jombo kulowa Lolemba m'mawa. Jombo yanga imamupeza munthu pamene pali thumba lake, nimusiya pomwepo. Ndipo ngati wina, itamuthera pa masabata 6, abwerera nayo kwa wogulitsa ali ndi mkwiyo, adzalandiridwa mwaulemu wonse: wogulitsa adzaitembenuza uku ndi uku, adzakanda simenti youmira m'mbali mwake, napukusa mutu mwachisoni, nadzafunsa kuti, “Koma achimwene, mwaiononga chonchi bwanji? Kodi munkapita nayo kuntchito?”