Ulemu upite kwa batani losayankha

Pa kiyibodi ya kompyuta, kaya mu ofesi ya pa Boma ku Chiradzulu kaya m'kashopu kotayipa makalata pa Namitambo, chakumtunda kudzanja lamanja kuli batani lolembedwa PrtSc. Anzake adafufutika kale ndi thukuta la zala, koma ilo likadali phuliphuli ngati mkwatibwi. M'boma lonseli mulibe wantchito wina wofatsa chonchi, ndipo nthawi yakwana yoti alandire ulemu wake.

Batanili ndi mvulazakale. Lidalipo kale pa kompyuta ya IBM ya mu 1981, ndipo masiku amenewo silinkabisa mawu: ukalidina pamodzi ndi Shift, purinta inkayamba kulira n'kulavula papepala zonse zolembedwa pa sikirini. Windows itabwera, lidaphunzira mwambo. Pa makompyuta okalamba a m'maofesi athu, munthu akalidina sipamveka kanthu, sipaphethira kanthu. Amadinanso, tsopano mwaukali, kenako n'kusuzumira mawaya kuseri. Chonsecho chithunzi chajambulidwa kale, chapita ku clipboard, chipinda chopanda khomo chimene palibe adachionapo. Kuti chituluke, uyenera kutsegula Paint kapena Word n'kudina Ctrl ndi V. Microsoft idasintha khalidweli pa Windows 11 mu 2023, koma nkhaniyo sidafike pa makina amene adabwera ndi pulojekiti yomwe idatha kalekale.

Olemba malangizo nawo awomberedwe m'manja posunga chinsinsichi mokhulupirika. Kabuku kobwera m'katoni kali ndi zinenero zambirimbiri, tizilembo tofuna magalasi, ndipo kamachenjeza mwachikondi kuti kompyuta isamizidwe m'madzi. Za batanili, ziii. Wofuna thandizo amauzidwa kuti apite pa intaneti, ngati kuti bandulo amatola panjira.

Anthu a ku Chiradzulu sadadikire. Adatulutsa foni m'thumba n'kujambula sikirini yonse, ndipo luso latsopano lidabadwa. Chithunzi chotere chimaposa cha PrtSc kutalitali, chifukwa chimanena zambiri. Pali mizere yoyenda ngati mafunde, pali chala chachikulu pakona, pali zenera la ofesi likuwala pamalo enieni pamene padalembedwa ndalama. Ukayang'anitsitsa umaonanso chipumi cha wojambulayo ndi kapu ya tiyi. Palibe angakane kuti munthuyu adafikadi kuntchito tsiku limenelo.

"Achimwene, tangoyandikizani pang'ono, nambala yomalizayo sikuoneka."

"Ndi seveni imeneyo, achemwali. Kapena wani."

Ophunzira a ku Nguludi amaseka zimenezi, poti iwo amadziwa kudina Windows, Shift ndi S nthawi imodzi. Asaiwale kuti amalume awo ku Mbulumbuzi, pofuna kuonetsa kuti atumizadi ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, amabwereka foni ya oyandikana nawo kuti ajambule uthenga uli pa foni yawoyawo. Mafoni a Android akhala akujambula okha sikirini kuyambira mu 2011, ukangofinya batani loyatsira pamodzi ndi lotsitsira mawu. Amalumewo adayesapo kamodzi, foni idazima, ndipo nkhani idathera pomwepo.

Chopweteka mtima n'chakuti tsopano makina akufotokozeredwa bwino kuposa anthu. Mu Okutobala 2024 kampani ya Anthropic idatulutsa njira yoti Claude aziyendetsa yekha kompyuta, ndipo OpenAI idabwera ndi Operator mu Januwale 2025. Mapulogalamu a AI otere amadalira sikirinishoti kuti aone: amajambula sikirini, amawerengetsa pamene pali batani, amadina, n'kujambulanso kuti aone chachitika. Malangizo a zida zimenezi amanena ukulu woyenera wa chithunzi ndiponso chochita chikachepetsedwa, ndipo akatswiri amawapenda mzere ndi mzere, n'kudandaula akapeza pena pasowa chitsanzo. Chinthu chosadziwa njala chimalemberedwa zonse mwadongosolo, pamene kalaliki wa ku Thumbwe, amene anthu akumudikira pabenchi kuyambira m'mawa, adangopatsidwa makina n'kuuzidwa kuti adzazolowera. AI yomweyo itapatsidwa chithunzi cha ku Chiradzulu, bwenzi ikudina pachipumi paja mpaka magetsi atathima.

Mabwana ena adapitako kumaphunziro a zamakompyuta kunyanja, adabwerako ndi zikwama zatsopano, tisheti ndi setifiketi. Mmodzi wa iwo, atalandira sikirinishoti yoyera bwino pa WhatsApp, adakana kuikhulupirira chifukwa idalibe chidindo. Adalamula kuti isindikizidwe papepala, adaidinda, adasayina, kenako adaitana mesenjala kuti aijambule ndi foni n'kuitumiza kulikulu. Kulikulu adayankha kuti sikuoneka bwino, atumizenso.