Kuthamanga Sikufika, Ngakhale Uli ndi Wotchi

Makolo athu, amene sadadziwe kilomita kapena mphindi, koma ankayesa ulendo poyang'ana pamene dzuwa lafika ndi pomvera zimene mawondo akunena, adatisiyira mawu akuti kuthamanga sikufika. Ndipo kwa mibadwo yambiri mwambi umenewu udatumikira mtundu wathu mokhulupirika, kudzudzula mlimi wobzala chimanga pa mvula ya chizimalupsa, kuchenjeza mnyamata wofunsira mbeta asanadziwe kusema mpini, ndi kutonthoza nkhalamba yotsalira m'mbuyo pa ulendo wa kumaliro. Onse amene mwambiwo unkawanena, opusa ndi ochenjera omwe, anali ndi kumene ankapita. Chimene makolowo sadachilote n'chakuti kudzabadwa mbadwo wa anthu othamanga tsiku ndi tsiku, thukuta lili kamukamu, amene alibe n'kofika komwe, ndipo akabwerera pakhomo pomwe adanyamukira amati ulendo wayenda bwino.

Kale munthu wamkulu, wa ndevu zake ndi ana ake, sankathamanga wamba. Mukamuona ali pa liwiro munkayamba mwayang'ana kumbuyo kwake musanamufunse kanthu, pakuti kapena waputa njuchi, kapena moto walusa kumunda, kapena amesenjala a kwa DC afika kudzalonjerera msonkho. Onyamula machila ankathamanga chifukwa mzungu wogona m'machilamo ankafuna kukafika kuboma dzuwa lisanapendeke. Wonyamula uthenga wa zovuta ankathamanga chifukwa maliro sadikira. Liwiro lililonse linali ndi mwini wake, ndipo wothamanga popanda chomuthamangitsa abale ake ankamufunira sing'anga.

Tsono bwerani pa Chitakale, ku Mulanje, m'mamawa, pamphambano paja pamene msewu wochokera ku Limbe, wolowera ku Muloza kumalire a Mozambique, umasiyana ndi wopita ku Likhubula ndi ku Phalombe. Nthawi imeneyo othyola tiyi amakhala ali kale pa mzere kulowa m'minda, madengu ali kumsana. Akabaza akupukuta mame pa zishalo. Amayi a nanazi akuyala malonda awo. Ndipo ena atsika kale m'phiri ndi mitolo ya nkhuni imene ine sindingathe n'kuitukula komwe. Pakati pa khamu limeneli, limene aliyense akudziwa kumene akupita ndi chimene akukachita, mudzaona bambo wina waulemu wake, wovala kabudula wothina amene m'masiku a agogo athu akadaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ataima chilili m'mbali mwa msewu, mkono wamanzere ataukweza, maso ali tong'o pa mkonowo. Mlendo angayese kuti akulumbira, kapena akupempha mvula. Iyayi, akudikira kuti wotchi yake ipeze masetilaiti.

Pakuti wotchi imeneyi si yongonena nthawi ayi. Kumwambako, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kuli masetilaiti a GPS osachepera 24, amene asilikali a dziko la America adayamba kuwaponya m'mlengalenga m'chaka cha 1978. Ndipo setilaiti iliyonse, pozungulira dziko kawiri pa tsiku, imalengeza mosalekeza pamene ili ndi nthawi imene yalankhula. Wotchi ikamva masetilaiti anayi, imawerengera nthawi imene uthenga wa iliyonse watenga panjira, ndipo potero imazindikira pamene mwini wake waima. Talingalirani, inu owerenga: zida zimene adazipangira ndege ndi sitima zankhondo, zimene mpaka mwezi wa May 2000 eni ake ankazisokoneza dala kuti zisalozere anthu wamba molondola, lero zili kalikiliki kudziwitsa mwana wa pa Chitakale kuti ali pa Chitakale, chinthu chimene mayi wa nanazi uja akadamuuza ulere.

Koma chozizwitsa chachikulu chili kunsi kwa wotchiyo, kumene imakhudza khungu. Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo mneneri Yeremiya nayenso adadandaula kuti kuudziwa mtima wa munthu n'kovuta. Koma anthu a ku Finland a kampani ya Polar, osayamba afunsa kwa mneneri, adatulutsa m'chaka cha 1982 lamba womanga pachifuwa, wotumiza kugunda kwa mtima ku wotchi popanda waya, ndipo odza pambuyo pawo adapeza njira yochotsera ndi lamba yemwe. Wotchi ya lero imawalitsa kanyali kobiriwira pakhungu. Magazi, pokhala ofiira, amameza kuwala kobiriwirako, motero mtima ukagunda, magazi n'kuchuluka m'mitsempha ya pamkono, kuwala kobwerera kumachepa, wotchi n'kulemba kuti kamodzi. Mtima wa munthu wamkulu wongokhala umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Wothamanga amauzidwa kuti achotse zaka zake pa 220, ndipo chotsalacho ndiwo malire ake. Akatswiri eni ake amati lamulo limeneli n'longoyerekeza chabe, popeza mitima imasiyana, koma ndaona eni mawotchi akulisunga koposa m'mene amasungira Malamulo Khumi.

Mphwanga wina, wogwira ntchito yowerengera ndalama mu ofesi ina ku Blantyre, adabwera nayo kumudzi wotchi yotere, yochita kumutumizira alamu ake a ku Joni. M'mawa wina atabwerako kothamanga, ali wefuwefu, anganga ake, amene adathyola tiyi mpaka msana udakana wokha, adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, nati:

"Kodi iwe, wakuthamangitsa ndani?"

"Palibe, anganga. Ndimangolimbitsa thupi."

"Wakafika kuti?"

"Ndatha makilomita 8."

"Sindikufunsa zimenezo ine. Wakafika kwa yani? Wawapeza ali bwanji?"

Mnyamatayo, posowa choyankha, adagwada nawatambasulira mkono, kuwaonetsa kuti pokwera chitunda mtima wake udagunda ka 165 pa mphindi. Anganga adagwira pakamwa. M'masiku awo, iwo adatero, mtima wogunda motero unali wa munthu amene wabisa mlandu, kapena wa mnyamata amene wakumana ndi apongozi panjira yopanda pothawira. Ndipo adaonjeza kuti liwiro lonselo akadasenza nalo thumba la chimanga lili pakhondelo, bwenzi pakhomo pali mgaiwa watsopano.

Musayese kuti anthu a kuno liwiro salidziwa. Makilomita ngati 10 kuchokera pa Chitakale pali Likhubula, pamene m'nyengo yozizira ya mwezi wa July pamayambira mpikisano wa Porters Race, umene udayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati masewera a anyamata onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera njira m'phiri. Othamanga amakwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso pa Likhubula, ulendo wa makilomita oposa 20 wa miyala yoterera ndi zitunda zoimirira, umene mlendo wa ndodo ziwiri amauyenda tsiku lathunthu ali kubuula. Koma opambana amautsiriza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka, ndipo pakati pa othamangawo pakhala pakuoneka ena a nsapato zakutha, ena opondera pansi. Edson Kumwamba, mwana wa kuno ku Mulanje amene adakatchuka pa mipikisano ya m'mapiri ku South Africa, adaphunzirira m'phiri lomweli. Ndipo Abebe Bikila wa ku Ethiopia adapambana mpikisano wa marathoni ku Rome m'chaka cha 1960 alibe ngakhale nsapato. Wina adzati, nanga a Porters Race sabwerera pomwe adayambira? Amabwerera ndithu, koma pamenepo amapeza khamu, nthungululu ndi mphoto. Ndiye kufika kumeneko. Amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo pa Likhubula wa wotchi ndi wopanda wotchi amayambiradi limodzi. Zotsala zimaweruzidwa ndi miyendo, imene sidziwa kuwerenga.

Phirilo nalonso, kunena zoona, wotchi siliilemekeza kwenikweni. Pansi pa mitengo yowirira uthenga wa masetilaiti umafika wofooka, ndipo patsinde pa matanthwe a Chambe umayamba wagunda mwala n'kubwerera, n'kufika mochedwa, motero wotchi imasokonezeka mutu. Mwini wake akafika pansi n'kutsegula mapu pa foni, amapeza mzere wokhotakhota ngati njira ya nkhuku yodya masese, wosonyeza kuti iye, munthu wa banja lake, adadumpha phompho kawiri ndi kuyenda pakati pa mtsinje. Chiperoni chikawomba, mitsempha ya pamkono n'kufota ndi kuzizira, kanyali kobiriwira kaja kamasowa magazi owerenga, ndipo nthawi zina, makamaka lamba akakhala wokhwepa, kamayamba kuwerenga mapazi m'malo mwa mtima. Pamenepo mudzaona munthu wamoyo, wopuma bwinobwino, ataima pamwala nkhope ili yakugwa, chifukwa mkono wake wamuuza kuti ali pafupi kutsikira kuli chete.

M'buku lachiwiri la Samueli muli mbiri ya mnyamata wina, Ahimaazi mwana wa Zadoki, amene ndimamukumbukira ndikaona mawotchi amenewa. Abisalomu, mwana wa mfumu Davide, ataphedwa, Yowabu adatuma Mkusi wina kuti akauze mfumuyo. Koma Ahimaazi, pokhala waliwiro, adaumirira kuti nayenso athamange, nadzera njira ya kuchigwa, nampitirira Mkusi uja, nayamba ndiye kufika. Mfumu itamufunsa chinthu chimodzi chimene mtima wake unkafuna kumva, za moyo wa mwana wake, mnyamatayo adangonena za chipwirikiti chimene adaona; ndipo adamuimika pambali kudikira wochedwa uja, amene adanena uthenga wonse. Ahimaazi akadakhala wa masiku ano, sindikayika kuti poima pambalipo akadadina kabatani ka wotchi yake, n'kuona kuti waphwanya mbiri yake ya liwiro, n'kukondwera.

Pali chinanso chimene ndikuopa kuti mizimu ya m'phiri siikondwa nacho. Akuluakulu a kuno amati woyenda m'phiri la Mulanje, makamaka kufupi ndi Sapitwa, nsonga ija yotalika mamita 3,002, akapeza chakudya chokonzakonza pamalo popanda munthu, adye yekha mwakachetechete, osaitana mnzake, osatengako kupita nacho kumudzi. Mwambo wa wotchi ndi wotembenuza zimenezi. Wothamanga wa lero sayamba wasamba kapena kumwa madzi asanatumize mapu ake pa Strava ndi pa WhatsApp, kuti a kumpingo, a kuntchito ndi alamu a ku Joni onse aone pamene wadzera, pamene adapumira, ndi m'mene mtima wake udagundira. Ndipo akapanda kumuyamikira, miyendo imamupweteka kawiri. Munthu wotere atapeza nsima ya mizimu, angayambe waijambula.

Komabe ndisakhale woweruza wokondera. Mayi wa nkhuni ndi wothyola tiyi safuna wotchi yowakumbutsa kuyenda, pakuti umphawi umawakumbutsa m'bandakucha uliwonse. Koma mwana wawo amene adamuphunzitsa ndi ndalama za tiyi yemweyo, amene tsopano amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kukwera minibasi, n'kukakhalanso pampando, ameneyo shuga ndi BP zimamuzemberera mwakachetechete, ndipo ngati kakumkono kangathe kumudzutsa pamene malangizo a dokotala adalephera, ine ndilibe nako mlandu. Kamaletsanso changu chopusa cha woyamba kumene, amene amafuna kutha mtunda wonse tsiku limodzi, pomuuza kuti mtima wakwera, abweze moto. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo mphwanga uja, ndi kudumpha kwake kwa m'mawa uliwonse, mimba idaphwa ndithu, lamba n'kubwerera pa bowo lakale.

Chimene sindidzachimvetsa ndi chikondi chawo pa nambala yokwana. Loweruka lina mphwangayo adafika pachipata wotchi ikunena makilomita 9.7, ndipo m'malo molowa m'nyumba monga munthu wolongosoka, adayamba kuzungulira bwalo: kuseri kwa khitchini, kumbuyo kwa khola la mbuzi, pakati pa nthochi, agalu ali pambuyo pake kuuwa, ana a oyandikana nawo atatsamira mpanda kuonerera. Koma usiku wathawo magetsi adali atazima, wotchi sidadye, ndipo itafika pa 9.9 idangoti zii, nkhope yake bii. Mnyamata adakhala pansi pakhonde, manja ali m'mutu, nati zonse zapita pachabe, ulendo wa lero sudalembedwe.

"Ndiye kuti sunathamange?" adafunsa anganga.

"Zili ngati sindinathamange, anganga."

"Chabwino. Poti sunatope, senza thumba ilo upite kuchigayo."

"Magetsi kulibe, anganga."

"Cha dizilo chija cha kutsidya chikugaya. Ukawapatse moni eni ake, ukabwere udzandiuze m'mene adzukira."