Nyanga ya Nsatsi Yoyendera Mabatire

Mwambi wakuti "mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha" unabadwa nthawi imene zolirira za ana zinali zotsika mtengo. Nsatsi imamera yokha kudzala ndi kuseri kwa khola, thunthu lake ndi lofewa, ndipo nyanga yake sichedwa kufota. Kholo linkangogwira mpeni kanthawi kochepa, mwana n'kutolapo phunziro lakuti si zonse zolirira zimene zili ndi phindu. Mwana wa lero wa ku Mponela, Madisi kapena Malomo salirira nsatsi. Amalirira kamota kamene kali m'wailesi ya bambo ake, ndipo kawirikawiri sadikira kuti amusemere.

Ku Ulaya ndi ku America kulira kotereku anakupezera malo. Pa tchuthi chachitali makolo amalipira kuti ana akakhale sabata imodzi kapena ziwiri kumisasa yophunzitsa zamagetsi. Kumeneko amalumikiza batire, switchi ndi kababu, kenako amamanga timagalimoto ndi timaloboti ndi tinjerwa tapulasitiki tolowana. Totchuka kwambiri ndi ta kampani ya LEGO ya ku Billund ku Denmark, imene inayamba mu 1932 ndi zidole zamatabwa, ndipo mu 1998 inatulutsa Mindstorms, tinjerwa tokhala ndi mota ndi kakompyuta kolamulira. Zonse zimabwera m'bokosi pamodzi ndi kabuku kosonyeza pomwe chidutswa chilichonse chikalowe. Nyanga yotereyi sifota. Chimafota ndi chikwama cha kholo.

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi msasa wofanana nawo umatsegulidwa sukulu zikatsekera pakati pa chaka, nyengo ya chisanu, chimanga chili m'nkhokwe, soya ndi mtedza zitapita kwa mavenda. Ulibe fizi, ulibe kalembera, ndipo mphunzitsi wamkulu amakhala mnyamata wa Sitandade 7 amene anapsapo chala. Kalasi yake ndi kuseri kwa chigafa cha fodya, kumene maso a akulu safika.

Zipangizo zimachokera m'mudzi momwemo. Thupi la galimoto ndi mawaya, ndipo mwini waya woyanikapo zovala amazindikira mochedwa kuti anathandizapo pa maphunziro. Matayala amadulidwa ku mapatapata akutha, ngakhale a mlendo amene wavula pakhomo nawonso amakwana muyeso. Lamba ndi mphira wa chubu cha njinga. Kamota kamazulidwa m'wailesi ya kaseti kapena mu DVD yakufa, ndipo otsimikiza za imfayo ndi ana omwewo, nthawi zina wailesiyo isanadwale n'komwe.

Phunziro loyamba ndi lakuti magetsi amafuna njira yozungulira: atuluke mbali imodzi ya batire, adutse m'kamota, abwerere mbali inayo. Waya ukamasuka penapake, zonse zimangoti zii. Batire limodzi la tochi limapereka mavolti 1.5; awiri ogundanitsa mutu ndi tako, okulunga m'pepala n'kumanga ndi mphira, amapereka 3. Phunziro lachiwiri limabwera lokha: mawaya akasinthanitsidwa, kamota kamazungulira chobwerera, galimoto n'kuthawa mwini wake chafutambuyo mpaka m'ngalande. Kababu ka LED kamayaka kakalumikizidwa mbali yoyenera yokha, ndipo kakapatsidwa mabatire ochuluka kamawala bwino kwambiri, kamodzi kokha.

Phunziro lachitatu ndi la chitunda, nkhani imene aliyense wopalasa njinga ku Ntchisi amaidziwa m'maondo. Kamota kamathamanga koma kalibe mphamvu. Kakalumikizidwa mwachindunji ku tayala, galimoto imalephera ngakhale mzere wa mbatata. Lamba akachoka pa kagudumu kakang'ono kupita pa lalikulu, liwiro limatsika, mphamvu n'kukwera. Ana a ku Denmark amaona zimenezi m'kabuku; a kuno amazimva galimoto ikamalira pamalo amodzi, anzawo akuseka. Phunziro lomaliza ndi la chuma. Mabatire akatha amayanikidwa padzuwa ngati chinangwa, ndipo kutenthako kumawadzutsa kanthawi kokwanira mpikisano umodzi.

Mpaka apa mwambi uja ukunena zoona, pakuti nyanga imafotadi: kamota kamapsa, mphira umaduka, tayala limagubuduka lokha kulowera kudimba. Kusiyana kuli pa zotsatira zake. Mwana wa nsatsi ankaona kufota n'kuleka kulira. Mwana wa kamota amaona kufota n'kufunsa chimene chachititsa, kenako n'kuyamba kuyang'anitsitsa tochi ya agogo.

Nthawi zina nyangayo imakana kufota. M'boma la Kasungu, loyandikana ndi Dowa ndi Ntchisi, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe anayamba ndi kumasula mawailesi. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa kusekondale posowa fizi, anabwereka buku la Using Energy kulaibulale n'kumanga makina amphepo ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi apulasitiki, fani ya thirakitala ndi zitsulo za njinga. Anthu ankati wapenga, kufikira pamene babu linayaka. Mu 2007 anakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2019 mbiri yake inakhala filimu. Ku Dowa komweko, kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka umene unatsegulidwa mu 1994, sukulu ya TakenoLAB imene anayambitsa Remy Gakwaya wochokera ku Burundi imaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu a kompyuta, ntchito imene nayonso munthu amaidziwa chifukwa cha kulakwitsa kambirimbiri.

Mwambiwu uli ndi malire amene makolo akale sanawaone, chifukwa nsatsi sigwira munthu. Magetsi a ESCOM a mavolti 230 amapha, ndipo batire la sola kapena la galimoto likagundanitsidwa mawaya lingathe kuyatsa denga laudzu. Pamenepo wofota sakhala nyanga. Kusema kwa kholo la lero, tsono, ndi kusankha: wailesi yakufadi, mabatire a tochi ndi pulayazi zipite kuseri kwa chigafa, pomwe wailesi yamoyo, foni ndi mapatapata a alendo zikhale m'nyumba yokiya mpaka sukulu zitatsegulira mu Seputembala.