Nanga folo adapita kuti?

Adandikokera kumeneko ndi mwana wa mlongo wanga. Linali Loweruka la mwezi wa July, ndipo m'paki ina kummwera kwa London, osati kutali ndi Elephant and Castle komwe kudachuluka anthu ochokera ku Colombia, munali chikondwerero cha anthu a ku Latin America. Ponseponse panali utsi wa nyama yowotcha ndi fungo la arepa, timikate tawo ta ufa wa chimanga. Chakumapeto adaimika tenti yoyera, pansi atayala matabwa osalala, ndipo pakhomo adamata pepala: salsa ya oyamba kumene 2 koloko, bachata 3 koloko, rueda 4 koloko, kizomba 5 koloko.

"Malume, tiyeni mukaphunzire kuvina," adatero.

Ndidaima n'kuwerenganso pepalalo. Kodi gule amayendera wotchi? Kwathu ku Dowa mganda ndidaudziwira kumbuyo kwa mzere, maso ali pa zidendene za akuluakulu. Inde, tinkakonzekera madzulo aliwonse mpikisano ukayandikira, koma wotiuza poponda anali ng'oma ndi wenzulo, ndipo tinkaleka mdima ukatibisa mapazi. Komabe ndidalowa.

Mphunzitsi anali mayi wa ku Cali, mzinda wa ku Colombia womwe chaka chilichonse, kuyambira pa 25 December, umakhala ndi chikondwerero chomwe magulu a salsa amavina akudutsa mumsewu. Adatifoletsa, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Mwamuna aponde kutsogolo ndi phazi lamanzere, abweze thupi pa lamanja, abwerere pakati. Kenaka lamanja lipite kumbuyo, chimodzimodzi. Mkazi achite mosemphana, kuti wina akamabwera wina azimupatsa malo. Adayamba kuwomba m'manja akuwerenga: wani, thu, fili. Faifi, sikisi, seveni. Wani, thu, fili. Faifi, sikisi, seveni.

Ndidadikira kuti mwina wangolumpha mwangozi. Adalumphanso kachiwiri, kachitatu. Palibe adadandaula. Ndidakweza mkono.

"Pepani aphunzitsi, nanga folo?"

Adandiyankha mwaulemu kuti pa folo ndi pa eyiti phazi siliponda, timangodikira. Ndidavomera, koma mumtima funso lidatsala. Tikudikira yani? Nambala imene aliyense akuidziwa koma palibe akuitchula, mwini wake ndani?

Tisanazolowere, adafuula kuti tisinthe ovina nawo. Akazi adasuntha malo amodzi kumanja, ndipo m'manja mwanga mudalowa dzanja la gogo wina wa tsitsi loyera mbee. Patapita mphindi ziwiri adalowa m'malo mwake mtsikana wovala mpango kumutu, kenaka mayi wina amene mwamuna wake anali pomwepo, atagwira dzanja la mkazi wina. Kwathu amuna ali ndi mganda wawo, amayi ali ndi chimtali chawo. Apa dzanja la mwamuna lili pamsana pa mkazi amene sakumudziwa ngakhale dzina, onse akuthokozana posiyana. Adaphunzira kuti kukhulupirirana kotereku? Aphunzitsi ankati mwamuna amatsogolera ndi dzanja, osati ndi pakamwa, ndipo sakoka mnzake, amangomuonetsa njira. Koma nanga onse awiri akakhala alendo pa guleyu, wotsogolera ndani? Gogo uja ndidamumva akundikankha pang'onopang'ono ndi zala, kundibwezera panjira, nkhope ili phee ngati palibe chimene akuchita. Ndipo poti akazi adachuluka, ena adaima mbali ya amuna n'kutsogolera bwinobwino.

Pa nthawi yopuma ndidafunsa za dzina. Adandiuza kuti salsa m'Chisipanishi ndi msuzi. Gule n'kumutcha msuzi? Nanga nsima yake ili kuti? Adati dzinali lidafala ku New York m'zaka za m'ma 1970, kudzera mu kampani yojambula nyimbo ya Fania, imene Johnny Pacheco ndi Jerry Masucci adayambitsa mu 1964. Nyimbo zake zinali za ku Cuba, monga son, mambo ndi guaracha, zoimbidwa ndi ana a ku Puerto Rico, Cuba ndi Dominican Republic okhala mumzindawo. Tito Puente, katswiri wa ng'oma za timbales, sankalikonda dzinali; ankati salsa ndi chinthu chakudya, iye amaimba nyimbo za ku Cuba. Ngati oimba ena eni ake ankalikana, lidapambana bwanji? Kodi chinthu chikafuna kugulitsidwa chiyenera kuyamba chasintha dzina?

Ndidatuluka kukamwa madzi. Kuseri kwa tenti, pa mpando wapulasitiki, padakhala bambo wina wachikulire wa ku Cuba, wa gulu limene linkayembekezeka kuimba usiku. Ankakunga ng'oma zake ziwiri zazitali, za conga, akumangitsa zitsulo za m'mbali ndi kasipanala, pomwe ife timawamba chikopa pamoto. Atamaliza adayamba kuimba motsitsa, kutsatira nyimbo yochokera m'tentimo. Mkati mayi uja ankawerengabe. Pa thu, chikhatho chidagwa pa chikopa kuti pha. Pa folo, pomwe pakamwa pa mphunzitsi padatseka ndipo mapazi onse adaima, ng'oma idayankhula kawiri ndi mawu otseguka: gu-gu. Pa sikisi pha, pa eyiti gu-gu.

Thupi lidachita tsemwe. Kani folo ali ndi mwini wake! Mapazi amakhala chete kuti ng'oma inene zake, monga mmene timachitira wamkulu akatenga mawu pabwalo. Nanga bwanji m'tentimo sadatiuze? Bwanji adatiphunzitsa kudikira osatiuza amene tikumudikira?

Bamboyo ataona kuti ndaima chilili, adandipatsa timitengo tiwiri tolimba, totchedwa clave. Adandionetsa kamenyedwe kake: kasanu, katatu kenaka kawiri. Sindidavutike nako, chifukwa kamenyedweka ndidakula nako. Kankamveka pansi pa magitala a Franco ndi a Tabu Ley pa wailesi ya bambo anga, ndiponso pa maukwati onse amene ankalira rumba. Kadafika bwanji ku Dowa kamenyedwe ka ku Havana?

Njira yake ndi yowawa. Anthu ambirimbiri a ku Kongo ndi Ayoruba adatengedwa ukapolo kukalima nzimbe ku Cuba, komwe ukapolo udatha mu 1886. Sadanyamule katundu, koma ng'oma zidatsala m'mitu mwawo, n'kukakumana ndi magitala a Asipanishi. Kuyambira mu 1933, mbale za galamafoni za nyimbo za ku Cuba, zolembedwa zilembo za GV, zidayamba kugulitsidwa mu Africa. Anyamata a ku Congo, ku Léopoldville ndi Brazzaville, atazimva adazindikira za kwawo. Franco ndi anzake adayambitsa gulu la OK Jazz mu 1956, ndipo nyimbo imene idaperekeza ufulu wa Congo mu 1960, ya Grand Kallé, inali ya cha-cha-cha. Mu 1974 Celia Cruz ndi a Fania All-Stars adakaimba ku Kinshasa, pa chikondwerero chokonzedwa chifukwa cha nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman.

Ndiye mlendo m'tenti muja anali ndani? Ine ndidalowa ngati wodzaphunzira za eni ake, ndipo zoona, mapondedwe aja ndi a eni ake, adawavutikira. Koma dzina loti Latin likukwanira kunyamula zonsezi? Nanga kizomba ya 5 koloko ija, yochokera ku Angola, mwana wa semba, idalowa bwanji pa pepala limenelo?

Pa 4 koloko ndidabwerera ku rueda, gule amene adayambira ku Havana m'zaka za m'ma 1950. Apa tidapanga bwalo, awiriawiri, munthu mmodzi akuitana zoti tichite. Akafuula kuti "dame", aliyense amasiya mnzake n'kulandira wotsatira, bwalo n'kuzungulira. Mtima udakhala pansi, chifukwa bwalo ndi woitana ndi zinthu zimene ndimazidziwa. Ndidasiya kuwerenga. Ndinkangotchera khutu kuseri kwa nsalu ya tenti, kudikira gu-gu uja, phazi n'kugwa lokha.

Mwana wa mlongo wanga adandiyang'ana modabwa. "Malume, simukuwerenga?" Ndidamulozera kunja ndi mutu, koma nyimbo ya pa sipika inali pamwamba, ndipo sadamve kanthu.

Potuluka ndidapeza bambo uja akukulunga ng'oma zake m'bulangeti lakale kuti apite nazo ku nsanja yayikulu. Masana onse adaimbira ana awiri ndi ine. Mkati munali anthu odzaza tenti, onse akuima pa folo osadziwa chifukwa chake, iye ali mapazi khumi kuchokera pamenepo. Ndidawerenganso pepala la pakhomo. Panali mayina a magule anayi ndi nthawi zake. Chidavuta n'chiyani kumulowetsa mkati, ngakhale mphindi zisanu zokha, tisanaponde phazi loyamba?