Chilanga mulilo cha pa setilaiti

Mu Lusaka muno muli ma adiresi a mitundu iwiri. Ku Kabulonga munthu amakuuza dzina la msewu ndi nambala ya pageti, basi wamaliza. Ku komboni adiresi ndi ulaliki wathunthu: "Mukatsika pamsika mulowe kumanja, mupitirire pampopi, mukaona kantemba kobiriwira musakhote, mukakhote pamene panali mtengo wa mango." Mtengowo anaudula m'masiku a UNIP, koma mpaka lero ukulondolerabe alendo.

Si mlandu wathu. Azungu posamutsa likulu kuchoka ku Livingstone mu 1935, mapu awo anali ndi malo a maofesi, a mabwana ndi a maluwa. Anthu oumba njerwa ndi ophwanya miyala ankawawerengera kuti adzabwerera kumudzi ntchito ikatha. Sanabwerere. Anamanga paliponse pamene panali mpata, ndipo pamene lamulo la 1974 linkavomereza makomboni, nyumba zinali zitamera kale. Misewu inabwera pambuyo, kudzapempha podutsa. Ife a ku Matero pamenepa timayenda motukula mapewa pang'ono, chifukwa kwathu kunachita kujambulidwa ndi akhonsolo ndipo misewu ina ili ndi mayina. N'chifukwa chake ine ndimadziwerengera m'gulu la anthu a mapu.

Vuto linali foni yanga. Ndi yokalamba, ndipo kadontho kake kosonyeza pamene ndili kamayenda ngati kalawa kachasu. Ndikakhala pakhonde panga kamandiika ku manda a Chingwere, zimene sizisangalatsa munthu wa msinkhu wanga. Tsiku lina pa Katondo Street mnyamata wina anandionetsa kachipangizo kakuda kokwana m'chikhatho, kopanda galasi, kopanda nthambo, kabatani kamodzi ndi kanyali kophethira. Anati ndi kamene amagwiritsa ntchito anthu oyeza malo. Iko kamamvetsera ma setilaiti a GPS, kenako n'kunong'oneza foni kudzera pa Bluetooth kuti mwini wako ali apa. Ndinagula.

Madzulo ndinakhazika amake ana pansi kuti nawonso apindule. Ndinawauza kuti kumwambaku, pamtunda wa makilomita 20,200, kuli zitsulo za asilikali a ku America zimene zimazungulira dziko kawiri pa tsiku. Choyamba anachiponya mu 1978, ndipo pofika 1995 gulu lonse la 24 linali pantchito. Chilichonse chili ndi wotchi yosaphonya, ndipo ntchito yake ndi kufuula usana ndi usiku kuti ndine uje, ndili pakutipakuti, nthawi ndi yakuti. Kachipangizo kanga kakamva mawu a zinayi, kamayeza kuti mawu a chilichonse achedwa bwanji panjira, ndipo pamenepo kamadziwa pamene kaima. Ndinawonjezera kuti kale asilikaliwo ankasokoneza dala masamuwo kuti anthu wamba tiziphonya ndi mamita ngati 100, mpaka pulezidenti Bill Clinton analetsa zimenezo mu Meyi 2000.

Amake ana anamvetsera mpaka kumapeto, akusadzula chibwabwa.

"1978," iwo anatero, "ndi chaka chimene Kanyama inamira. Amayi anatuluka ndi mphika umodzi pamutu. Anzanu a kumwambawo anaona?"

Ndinati nthawi imeneyo anali asanayambe bwinobwino.

"Ndiye zitsulo zonsezo zikuzungulira kuti inu musafunse munthu njira? Mwagula zingati?"

Ndinayamba kufotokoza za ma setilaiti a ku Russia ndi a ku China.

Mwayi woonetsa nzeru unabwera msanga. Mwana wa akulu awo a amake ana anapeza mwamuna wa ku Kanyama, ndipo kumapeto kwa dzinja kunali chilanga mulilo, tsiku limene akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kuzinyamula ndi ng'oma kukazitula kwa mkamwini. Akuchimuna anafuna kutumiza mwana kudzatichingamira pamsewu waukulu. Ndinakana. Ndinauza mkamwiniyo kuti angonditumizira pini pa WhatsApp, zina zonse ndi za ine ndi America. Pini inalowa Lachisanu usiku. Ndinagona mochedwa chifukwa malaiti anabwera pakati pa usiku, ndipo munthu wa zipangizo ziwiri amatchaja kawiri.

Loweruka m'mawa galimoto ya Canter inaima pakhomo. Munalowa azimayi ovala zitenje zofanana, alangizi awiri, ng'oma, ndi mapoto omangidwa m'nsalu: nsima, nkhuku yakumudzi, kapenta, chikanda, impwa, ndiwo zotendera, ndi chigubu cha munkoyo. Ine monga mtsogoleri ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala. Kanyali kanaphethira, kanaphethiranso, osapeza kanthu. Apa ndipo ndinakumbukira kuti kachipangizoka kamafuna kuona thambo. Pansi pa chitsulo kapena malata kamagontha, poti mawu ochokera kutali choncho amafika atatopa. Ndinatsika, n'kukwera kumbuyo, n'kukaika pamutu, n'kuvala chipewa pamwamba pake. Tinagwirizana ndi dalaivala kuti ndikamenya denga kamodzi ndiye kumanja, kawiri ndiye kumanzere.

Chotero ndinadutsa Commonwealth Road ndi Lumumba Road nditaimirira pakati pa azimayi ndi mapoto, khosi lili nji kuopa kugwetsa America. Titakhotera mu Los Angeles Road pafupi ndi City Market ndinalimba mtima kwambiri, ndipo ndinauza alangizi kuti ofesi imene inkayang'anira ntchito yopanga GPS inali ku Los Angeles kwenikweniko, ndiye msewu wa kwawo sangausowe. Mlangizi wamkulu anangoti, "Alamu, chotsani phazi pa poto wa nkhuku."

Pa tala zonse zinayenda bwino. Titasiya tala, mayi wolondolera njira wa m'foni, amene amalankhula Chingerezi cha m'mphuno, anayamba kulamula zinthu zovuta. Anati tikhotere kumanzere. Kumanzereko kunali tchalitchi, kwaya ikuyeserera nyimbo. Pa mapu panali msewu woongoka bwino, koma zikuoneka kuti abusa anafika pamalopo wojambula mapu atachoka. Ndinamenya denga kawiri, kenako kamodzi kufuna kufafaniza, dalaivala n'kuwerenga katatu n'kuima. Anasuzumira pawindo: "Bakamba, katatu ndiye kuti bwanji? Tiuluke?"

Mayi uja sakwiya, ndimuyamikire pamenepo. Anangoti tibwerere, tizungulire, tipite kutsogolo mamita 300. Kutsogoloko kunali dziwe, abakha akusambira. Kanyama inakhala pa thanthwe la laimu, pamalo athyathyathya, madzi apansi ali pafupi, moti mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, amangokhala nanu mpaka atatopa okha. M'mbali mwa dziwelo munali anyamata obwereketsa majombo kwa owoloka. Dalaivala anati galimoto ndi ya abwana ake ndipo sinaphunzire kusambira.

Tinatsika. Azimayi anasenza mapoto, n'kundandalika pambuyo panga. Tinalowa m'tinjira ta pakati pa nyumba, momwe malata a uku ndi a uko amapsompsonana pamwamba, thambo n'kutsala kamzere. Kadontho kanayamba kudumphadumpha. Ndinkaima, n'kuvula chipewa, n'kukweza kachipangizoko m'mwamba ndi manja awiri, maso kumwamba, milomo ikuwerenga mamita. Gogo wina amene ankatsuka mbale anapukuta manja, n'kubwera kudzandigwadira kuti mwendo ukuwavuta kuyambira chaka chatha. Anthu angapo anatifunsa kuti mukupita kwa ndani. Amake ana anatsegula pakamwa, ine n'kuwayang'ana. Anatseka, koma ndinamva akuuza mnzawo za munthu wina wakale amene anadya phula. Sindikudziwa kuti ankanena ndani.

Dzuwa litapendeka, nsima itayamba kulimba mtima, mayi wa m'foni analengeza kuti tafika. Panali geti lofiira, mkati mukumveka wailesi. Ndinatembenuka mwaulemu wonse n'kuti, "Amayi, ndi pano." Ng'oma zinalira. Nthungululu zinang'amba komboni. Azimayi anagwada pageti ndi mapoto awo monga mwa mwambo, kuti salowa mpaka eni nyumba atawafupa. Geti linatseguka. Munatuluka azibambo a maso ofiira, aliyense ndi paketi ya shekisheki m'manja. Sanadabwe n'komwe. Wina anaponya makobidi, wina anayamba kuvina, wachitatu anali atagwira kale mfundo ya nsalu ya poto wa nkhuku.

Mwini malowo, mayi wa thupi lake, anafunsa kuti tikufuna ndani. Titatchula dzina la mkamwini anapukusa mutu. Titafotokoza maonekedwe ake ndi ntchito yake yowotcherera zitsulo, anaseka mpaka kugwira chipupa. "Ameneyo? Mpando wake ndi uwo pakonapo. Dzulo wachoka mochedwa. Ngati ndinu apongozi ake, pali kangongole."

Ndinayenda mpaka pampandopo, n'kuyang'ana foni. Kadontho kanga kanakhala ndendende pamwamba pa pini. Ndikufuna owerenga amvetse bwino pamenepa, chifukwa kunyumba nkhaniyi amaikamba mokhotetsa. Pini imasonyeza pamene munthu waima panthawi imene akuitumiza. Kuchokera pa makilomita 20,200, kudutsa mitambo, malata ndi chipewa changa, makinawo anapeza mpando wa munthu mmodzi mu Kanyama yense. Amene ali ndi mlamu wodziwa kulondola chonchi abwere naye.

Pamenepo amake ana anaitana kamnyamata kamene kankayendetsa galimoto ya mawaya. Sanatchule nambala, sanatchule dzina. Anangoti, "Iwe, kwa amake mapasa ogulitsa malasha, opemphera ku Dutch?" Kamwanako kanati, "Tiyeni," n'kuyamba kuthamanga. Tinadutsa kuseri kwa chimbudzi, kuwerama pansi pa zovala za eni ake pachingwe, kulumpha ngalande, ndipo tisanapume n'komwe tinali pakhomo. Kanalandira K5 ndi ntchafu ya nkhuku. Njira imene kanatidutsitsayo siili pa mapu alionse, ndiye ine sindiiwerengera.

Ukwati sunathe. Alangizi anangowonjezera phunziro limodzi, ndipo akuti mkamwini analimvera atagwada nthawi yaitali ndithu.

Chimene chasintha ndi mbiri yanga ku Matero. Nkhani inafika kumsika ife tisanabwerere, ndipo pofika Lolemba inali itakula: akuti ndili ndi kamakina kochokera ku America kamene kamanunkhiza pamene mwamuna amamwera. Azimayi ayamba kugogoda m'mawa. Ndimawafotokozera moona mtima kuti kachipangizoka kamangomvetsera, sikatumiza kanthu kumwamba, ndipo sikangapeze munthu amene sanadziulule yekha ndi chala chake. Amandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti amuna mumabisirana. Amake ana ndiye anaona kuti kufotokoza kukutaya nthawi. Amakabwereketsa K20 pa tsiku, kutchaja ndi kwa wobwereka, ndipo amalangiza makasitomala kuti akafika kunyumba angokaika pa tebulo, kanyali kakuphethira, osalankhula kanthu. Akuti amuna a mumzere wathu masiku ano akumafika kunyumba nkhuku zisanalowe.

Ndalama zimene ndinawononga pa Katondo Street zabwerera kale, ngakhale sizinadzere m'thumba langa. Koma pabala pathu anzanga akandiona ndikulowa amazimitsa mafoni, ndipo wina wapempha kuti ndizivula chipewa pakhomo kuti aone chimene chili pansi pake.