Katswiri wa Ndege wa Pabawo

Mwini danga lino ndege amangoziona zikudutsa. Koma chipitireni mlamu wake ku London kukagwira ntchito ya unamwino, pabawo la kuseri kwa msika palibenso womupha pakamwa pa nkhani za maulendo a mlengalenga.

Masamu ake ndi osavuta. Mutatambasula chingwe kuchoka ku Lilongwe mpaka ku London, chingatalike makilomita pafupifupi 8,000. Ndege zikuluzikulu zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola. Ndiye kuti maola 9 kapena 10 basi: nkhomaliro ku Lumbadzi, mgonero ku Heathrow. Akafika pamenepa amayamba wakhosomola, anthu aone kuti kusukulu sanangopitira phala.

Tsoka ilo, njira ya chingweyo ndi ya mbalame zokha. Pabwalo la Kamuzu International Airport palibe ndege ya anthu yolunjika ku London. Mukakwera Ethiopian Airlines mumauluka maola pafupifupi 4 kukatera ku Addis Ababa, n'kukhala pabenchi kudikira ina, kenako maola ena pafupifupi 8. Kenya Airways nayo imayamba yakutulani ku Nairobi.

Imene imamukoma kufotokoza ndi ya ku Johannesburg. London ili kumpoto, koma inu mumayamba mwaloza kummwera, makilomita pafupifupi 1,500, maola awiri ndi theka. Mukatero mumatembenuka n'kuyamba makilomita oposa 9,000, maola pafupifupi 11, usiku wonse mawondo ali pachifuwa. Mkulu wina pabawopo anafunsa ngati oyendetsa ndegezo mitu yawo imakoka bwino. Katswiri wathu anayankha mosaphethira kuti ngakhale wofuna kudumpha ngalande amayamba wabwerera m'mbuyo. Onse anagwedeza mitu, iye n'kudyedwa bawolo.

Palinso za mawotchi. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, nthawi ya ku London imatsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu, ndipo miyezi inayo imatsalira ndi ola limodzi. Addis Ababa imatitsogolera ndi ola limodzi. Katswiri wathu anauza mayi a kunyumba kuti wopita ku Mangalande amapatsidwa maola awiri aulere.

“Mukawapeza maolawo, bambo a ana, mukonzere denga likudonthali,” anatero mayiwo, maso ali papoto.

Ulendo umene katswiriyu amaudziwa ndi msana wake ndi wa ku Mchinji, makilomita ongopitirira 100. Mukawerengera kudikira kuti minibasi idzaze mudepoti, kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndi kondakitala kusowa chenji, amene ananyamuka naye nthawi imodzi pa ndege ya ku Johannesburg amakhala atatera kale iye asanaone boma la Mchinji.

Za viza ya ku Britain amazidziwanso pamtima, ndipo amalangiza anthu ulere. Pasipoti yake inatha mphamvu ili m'sutikesi, yosadindidwapo ngakhale pachipata cha Mwami.