Zikomo wa pambuyo pa intavyu

Alangizi a za ntchito a ku America amati ukatuluka mu intavyu, dzuwa lisanalowe utumize imelo yothokoza amene amakufunsa mafunso aja. Akuti zimaonetsa ulemu. Kwathu kuno ulemu ndiye tili nawo wosefukira. Munthu wathokoza kale mlonda pageti, wathokoza sekilitale, wathokoza mabwana polowa, pokhala pampando, ngakhale pamene amuponyera funso lomutulutsa thukuta. Ndiye mu imelomo akathokozenso chiyani? Botolo la madzi lija anaopa kutsegula?

Nanga uthengawo upita kuti? Zotsatsa ntchito zambiri m'nyuzipepala zimangopereka Private Bag, kenako m'munsi mwake n'kuchenjeza kuti wonyengerera mabwana achotsedwa pamndandanda. Tsono mnzathu amangokhala foni ili m'manja, kusinkhasinkha ngati "zikomo bwana" ndi ulemu kapena ndi katangale wongophuka kumene.

Olimba mtima amasaka nambala kwa msuweni wa dalaivala wa pakampanipo, n'kulemba pa WhatsApp usiku: "Mwaswera bwanji achikulire, ndine uja wa tayi yofiira." Timizere tiwiri timasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Yankho limafika patatha miyezi itatu: "Ndani kodi?"